Kulimbitsa kumbuyo kwa pikapu yogwirira ntchito: zoyala pansi ndi bokosi la zida zopirira mvula ya ku Mulanje ndi Thyolo

Pikapu yogwirira ntchito kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo imayamba kutha kumbuyo injini idakali ndi moyo wautali. Mukaiona itaima pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, suzumirani m'makona a bodi kufupi ndi kebini. Nthawi zambiri mupeza penti watukumuka, pansi pake dzimbiri likusendeka ndi chikhadabo, mwinanso kabowo koonekera msewu. Chadya chitsulocho ndi madzi a mvula osakanikirana ndi katondo, timibulu ta feteleza totayika m'matumba, zinyalala za nthochi ndi fumbi la simenti, zonsezi zitakhazikika pansi pa kapeti kapena thabwa loti chiikireni silinachotsedwepo. Kwathu kuno mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ikangoleka chiperoni chimalowa m'malo mwake miyezi yozizira, ndiye bodi imapeza nthawi yochepa kwambiri yoti iume bwinobwino.

N'chifukwa chake chilichonse chimene muyale kapena kumanga kumbuyo kwa galimoto chizitha kuchotsedwa ndi sipanala, ndipo madzi azipeza njira yotulukira pansi pake. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Masamu kaye, kugula pambuyo

Pa kachitsulo kamene kamakhomedwa pa felemu ya chitseko kapena pafupi ndi injini pamalembedwa GVM, kulemera kumene galimoto ikuloledwa kufika itanyamula. Chotseranipo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Chotsalacho ndiye katundu wanu yense, ndipo m'menemo muli dalaivala, womuthandiza, zida, zoyala pansi ndi bokosi lomwe. Toyota Hilux, Isuzu KB kapena D-Max, Nissan Hardbody ndi Ford Ranger za kebini imodzi zimanyamula pafupifupi tani imodzi. Za makebini awiri kawirikawiri zimachepera apo.

Bodi ya kebini imodzi imatalika pafupifupi mamita 2.3, m'lifupi mamita 1.5, ndiye kuti pansi pake ndi masikweya mita 3.5. Mukayala chequer plate, shiti ija ya timizere totukuka pamwamba, yachitsulo ya mamilimita 3, imene imalemera makilogalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono pa sikweya mita, mwasenzetsa galimoto makilogalamu oyandikira 90. Ya aluminiyamu yokhuthala chimodzimodzi ndi makilogalamu 30 okha. Pulayiwudi ya mamilimita 18 ndi pafupifupi 40, labala wa mamilimita 10 ndi cha m'ma 45. Onjezanipo bokosi lachitsulo la makilogalamu 40 ndi zida zake 70. Amene wasankha chitsulo wataya kale makilogalamu 200, matumba anayi a feteleza amene sadzawanyamulanso pa ulendo uliwonse. Kukwera nawo chitunda chochokera ku Thekerani kapena ku Masambanjati, dizilo ndi kilatchi ndizo zimalipira.

Kuvula bodi ndi kufufuza dzimbiri

Ntchitoyi ichitike mu Seputembala kapena mu Okutobala, kunja kukutentha ndipo mpweya uli wouma. Penti wopakidwa nthawi ya chiperoni amauma pamwamba pokha, amatsekera chinyezi pachitsulo, pofika Khirisimasi n'kukhala atayamba matuza. Ngati simungadikire, lowetsani galimoto pansi pa denga, yambani kupaka cha m'ma 10 koloko mame atauma, lekani cha m'ma 3 koloko masana.

Chotsani zonse: kapeti, pulasitiki yoyala imene galimoto zina zimabwera nayo, matabwa akale, mphete zomangira zingwe. Tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo waufa, makamaka ngati munanyamulapo feteleza. UREA ndi CAN amayamwa chinyezi cha mumpweya, moti timibulu totsalira pamsoko timanyowetsa malowo ngakhale kunja kuli ng'amba. Mukatsuka imikani galimoto pachitunda, mphuno kumtunda, chitseko chakumbuyo chili chotsegula, iwambe padzuwa masiku awiri.

Ikauma tengani sikuludiraiva ndi kahamala, muzigogoda mzere ndi mzere. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimangoti phu phu, ndipo mukachikanikiza ndi nsonga chimagonja. Zungulizani ndi choko paliponse pamene pagonja. Kenako lowani pansi ndi tochi muone mipiringidzo yopingasa imene imanyamula bodi. Mmenemo ndi mmene matope amabisala, ndipo galimoto zimene zinkawoloka matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zikhoza kukhala nawobe ataumirira. Sokosani ndi waya, tsukani mpaka madzi atuluke oyera. Mpiringidzo wodyeka ukonzedwe poyamba, chifukwa pansi patsopano popanda chopagwira sipathandiza.

Podyeka pamadulidwa, sipamatidwa. Dulani mpaka mufike pachitsulo chonyezimira mbali zonse, ndipo chigamba chikhale cha mamilimita 1.2 kapena 1.6, cholowa ndendende m'bowomo. Chigamba chongosanjika pamwamba chimasiya kathumba ka madzi pakati pa zitsulo ziwirizo. Wowotcherera akumbuke kuti bodi ndi yopyapyala: marodi a 2.5 amene amawotcherera nawo mafelemu a mawindo amabowola pompo. Agwiritse ntchito makina a MIG ngati alipo, apo ayi marodi a 1.6 kapena 2.0, moto wotsitsa, akudontheza apa ndi apo modumphadumpha kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha.

Apa tichenjezane kwambiri. Thanki ya mafuta ili pansi pa bodi pomwepo, pamodzi ndi mapaipi a mabuleki ndi mawaya a magetsi akumbuyo. Ngati zigamba ndi zingapo, zulani bodi yonse muwotcherere kutali ndi galimoto. Imagwidwa ndi mabawuti 6 kapena 8, khosi lothirira mafuta ndi mapulagi a magetsi, ndipo amuna anayi kapena asanu ndi mmodzi amaikweza. Ngati mukuwotcherera ili pagalimoto, chotsani kaye waya wa negativi pa batire, ndipo chopanira cha earth chigwire pafupi ndi powotcherera, kuopa kuti moto ungadutse m'mawaya n'kukawononga kompyuta ya injini. Galasi lakumbuyo liphimbeni ndi chiguduli chonyowa, chifukwa zothetheka za galayindala zimalowerera m'galasi osachokanso. Chasisi isabowoledwe ndipo isawotchereredwe kanthu.

Penti

Palani ndi burashi ya mawaya kapena flap disc ya nambala 60 kapena 80 mpaka dzimbiri losendeka litha. Penti wakale amene akadagwira bwino musamuchotse, ingomukwechani ndi sandipepa kuti watsopano apeze pogwira. Pukutani ndi thinasi. Pamene patsala timaenje takuda pakani mankhwala opha dzimbiri, aja a rust converter, motsata zolembedwa pabotolo. Kenako pakani red oxide kapena zinc phosphate kawiri, ndi burashi osati chopopera, chifukwa burashi imakankhira penti m'misoko. Pansi ndi makoma a bodi ya kebini imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 7, ndiye lita imodzi imakwana ulendo umodzi. Gulani malita 2 a penti woyambayu ndi malita 2 a penti wa mafuta wopaka pamwamba. Pakati pa ulendo ndi unzake pazidutsa usiku, ndipo mukamaliza bodi ipume masiku atatu kapena kuposa musanaikemo kanthu.

Penti wa phula ndi wabwino kunsi kwa bodi ndi m'madigadi. Mkati musamupake. Amafewa ndi dzuwa la mu Okutobala, amasungunuka dizilo akatayikira, ndipo amadetsa matumba a ufa ndi chimanga.

M'makona akutsogolo a bodi muli timabowo kapena timipata totulutsira madzi. Mukamaliza kupenta tipisenimo waya, chifukwa penti amatitseka.

Muyale chiyani?

Zitengera katundu amene mumanyamula masiku ambiri, osati amene mumanyamula kamodzi pachaka.

Amene amanyamula matumba, makireti a tomato, nanazi, mikoko ya nthochi kapena masamba a tiyi, labala wokhuthala mamilimita 8 mpaka 10 amamukwanira. Saterera, katundu sathamangira kutsogolo mukaponda mabuleki, ndipo zipatso sizitunduzika kwambiri. Lamba wakale wa makina oyendetsa katundu m'mafakitale amagwira bwino ntchitoyi mukamupeza akugulitsidwa, bola akhale wa nsalu mkati, osati wa mawaya. Amabwera wopindika, ndiye mutambasuleni chozondoka padzuwa tsiku lonse. Podula ikani thabwa pansi pa mzere kuti labala akhadzuke yekha, nyikani mpeni m'madzi a sopo, mudutse kangapo mopepuka. Mudule zidutswa ziwiri kapena zitatu zoti munthu mmodzi azitha kukoka, ndipo musamumate ndi guluu. Vuto lake ndi dizilo ndi oyilo, zimene zimamutupitsa, komanso sateteza bodi ku mwala wogwa kuchokera pamwamba.

Kwa omanga nyumba, mapulambala, okonza zitsime ndi mijigo, ife timalimbikitsa pulayiwudi ya mamilimita 18, ya shutter ply kapena marine ply, yomatidwa ndi guluu wosamva madzi. Imagawa kulemera kwa jenereta kapena mgolo pamalo aakulu, bodi osabonyoka, ndipo mukhoza kukhomerapo timatabwa totchinga katundu. Blockboard ndi chipboard musayerekeze, zimafufuma ndi mvula yoyamba. Mukayala labala wopyapyala wa mamilimita 4 kapena 5 pamwamba pa pulayiwudi mwapeza zabwino ziwiri zonse.

Matabwa a bulugamu ndi osavuta kupeza kuno ndipo ndi olimba, koma akhale ouma ndithu. Aawisi amapotoka, amang'ambika pabawuti, ndipo madzi ake amadetsa ndi kudya chitsulo. Ayaleni chautali, mipata ya mamilimita 5 pakati pake. Matabwa a paini onyikidwa m'mankhwala obiriwira aja ali ndi kopa, amene amadya chitsulo ndi aluminiyamu zikanyowa, ndiye pakati pake ndi bodi pakhale timizere ta labala ndipo mabawuti akhale a galvanised. Wina akakutsatsani matabwa a mkungudza ponena kuti savunda, mukaneni. Ndi mtengo wa fuko lathu wotetezedwa ndi lamulo, ndipo m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu.

Chequer plate yachitsulo ndi ya amene amanyamula miyala, njerwa, mchenga ndi zitsulo tsiku ndi tsiku, wotsitsa ndi fosholo. Mamilimita 3 akwanira, yokhuthala kuposa apo ndi kungolemetsa galimoto. Ipentedwe mbali zonse ziwiri isanaikidwe, ndipo imangidwe ndi mabawuti. Ambiri amaiwotcherera kuzungulira m'mbali poganiza kuti atseka madzi, koma madzi amalowabe, ndipo bodi imaolera pansi pake mwini wake osaona. Dziwaninso kuti ikapakika katondo wonyowa imaterera koopsa.

Aluminiyamu ndi yopepuka ndipo sichita dzimbiri lofiira, koma ikagundana ndi chitsulo pamalo onyowa imadyeka n'kumatuluka ufa woyera, makamaka pozungulira mabawuti. Pakati pake ndi bodi pakhale labala, pamabawuti pakhale mawashala a pulasitiki. Simenti yonyowa imaidyanso, ndiye womanga nyumba aisiye. Imayenera amisiri a zamagetsi, a ma solar ndi ena a katundu wopepuka.

Kulinso kupopera polyurethane, kumene kumasiya chikhungu cha mamilimita 3 mpaka 5 chomatirira pachitsulo, madzi osapeza polowa. Ndi njira yabwino ngati bodi ilibe dzimbiri ndipo opoperawo apala mokwanira. Akapopera pamwamba pa dzimbiri kapena pa penti wosalala, chimasendeka chonse n'kusanduka thumba losunga madzi.

Kudula ndi kumanga pulayiwudi

Shiti imodzi ndi mamilimita 2440 ndi 1220, pamene bodi ndi 1500 m'lifupi, ndiye imodzi sikwana. Gulani ziwiri, mudule zidutswa ziwiri zopingasa, chilichonse cha pafupifupi 1150 ndi 1500. Munthu mmodzi akhoza kuchinyamula, ndipo zotsala mudzapangira zipinda za m'bokosi. Musadule potengera manambala athuwa, yezani bodi yanu. Pozungulira madigadi pangani kaye chitsanzo ndi katoni: lumikizani makatoni ndi selotepi, kanikizani m'makona ndi chala, dulani ndi sizasi mpaka chikhale bwino, kenako jambulani pathabwa. Mbali zonse siyani mpata wa mamilimita 5 mpaka 8. Thabwa lothina limakhuza penti pakhoma galimoto ikamagwedezeka, ndipo dzimbiri limayambira pokhulidwapo.

Pulayiwudi imaolera m'mphepete modulidwa. Pakani m'mphepetemo penti wa mafuta katatu mpaka thabwa lileke kumwa, m'mabowo a mabawuti chimodzimodzi, kenako mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwakumbuyo, kumene migolo ndi mafosholo zimagunda, vekani angle iron ya mamilimita 20 ndi 20.

Pansi pa bodi pali mizere yotukuka ndi timigula pakati pake. Thabwa ligone pamizere yotukukayo, timigula tikhale totseguka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Musatithire thovu, simenti kapena phula. Mabowo a mabawuti abowoledwe pamwamba pa mzere wotukuka, osati m'kamgula moyenda madzi, ndipo ngati pali mabowo akale a fakitale yambani mwagwiritsa ntchito amenewo.

Musanabowole, lowetsani dzanja kunsi mugwire malo enieniwo. Ngati dzanja silikufika, nati sidzafikanso, sunthani bowolo. Onetsetsani kuti palibe thanki, paipi kapena waya. Vekani kachidutswa ka paipi pa biti ya dirilo kuti nsonga ingotuluka mamilimita 10, chifukwa biti ikabowola chitsulo chopyapyala imalowa mwadzidzidzi ndi mphamvu yonse ya mkono wanu. Yambani ndi biti ya 4, malizani ndi ya 9. Chotsani zonyenyeka zonse za chitsulo ndi maginito kapena burashi, zikatsala zimachita dzimbiri usiku umodzi n'kuthimbiriritsa penti watsopano. Pakani red oxide m'bowomo, aume, kenako girisi.

Chidutswa chilichonse chigwidwe ndi mabawuti anayi a M8 a galvanised a mutu wobulungira, amene khosi lawo la makona anayi limaluma m'thabwa ndipo mutu sung'amba matumba. Kunsi ikani kachitsulo ka 50 ndi 50 kokhuthala mamilimita 3, kapena washala wamkulu, ndi nati ya nyloc, ija ya kapulasitiki mkati yosamasuka yokha. Washala wamng'ono amazula chitsulo cha bodi. Mangani mpaka mutu ukhale pathabwa, osaumiza. Pomanga chitsulo ndi chitsulo, bawuti la M8 la giredi 8.8 limafuna kumangidwa mpaka 25 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Masikuluwu odzibowolera okha asiyeni, pa msewu wafumbi wa mabampu amamasuka n'kukuza bowo. Pomata pozungulira bawuti gwiritsani ntchito polyurethane. Silikoni wonunkha ngati viniga ali ndi asidi amene amadya chitsulo.

Bokosi la zida

Malo ake ndi kutsogolo kwa bodi, kuseri kwa kebini, patsogolo pa ekiselo yakumbuyo. Kulemera kukakhala pamenepo matayala onse anayi amagawana. Bokosi lolemera loikidwa kuchitseko chakumbuyo limapepula mphuno ya galimoto, chiwongolero chimayandama, ndipo pa makona a msewu wa Thyolo kukagwa mvula zimenezo n'zoopsa. Pa galimoto ya makebini awiri bodi yambiri ili pamwamba ndi kumbuyo kwa ekiselo, ndiye bokosi likhale laling'ono ndipo likankhidwire kutsogolo kwenikweni.

Muyeso wabwino pa kebini imodzi ndi mamilimita 1400 m'litali, 450 m'lifupi ndi 400 msinkhu, kuti lisatseke galasi lakumbuyo. Chitsulo chikhale chokhuthala mamilimita 1.6. Cha 1.0 kapena 1.2 wakuba amachipinda ndi chitsulo chochotsera tayala, cha 2.0 n'cholemetsa chabe. Shiti imodzi sikwana mukawerengera milomo, gulani ziwiri. Ngati mmisiri ali ndi makina opindira, apinde m'malo modula ndi kuwotcherera, chifukwa msoko uliwonse ndi khomo la madzi. Ngati alibe, apange felemu ya angle iron ya 25 ndi 25 n'kuvekapo chitsulocho. Akamawotcherera chitsulo cha galvanised achitire panja, utsi wake woyera umadwalitsa.

Mvula imalowera pachivundikiro, ndiye mpamene mmisiri aonetse luso. Pakamwa pa bokosi pakhale mlomo woimirira wa mamilimita 20, ndipo chivundikiro chikhale ndi mlomo wotsika wa 25 wophimba umenewo mbali zonse. Pamlomo woimirirawo vekani labala wa chitseko cha galimoto yakale. Chivundikiro chipendekere pang'ono kuti madzi asadikhe, ndipo kunsi kwake kuwotchereredwe mipiringidzo iwiri ya sikweya chubu ya 20, popeza anthu adzakhalapo ndi kupondapo ngakhale muwaletse. Yesani ndi ndowa ya madzi musanalipire: yalani nyuzipepala mkati, tsekani, khuthulani madzi pamwamba ndi m'mbali, tsegulani muone.

Koma bokosi lotsekeka kotheratu nalonso limanyowetsa zida. Masana limatentha, usiku limazizira, ndipo mkati mumachita thukuta monga chivundikiro cha mphika wa nyemba. Bowolani timabowo ta mamilimita 6 m'makona anayi a pansi, ndi tina tingapo m'mbali pansi pa mlomo wa chivundikiro pamene mvula singafike. Bokosi likhale pa timapilo ta labala ta mamilimita 10 kuti mpweya uzidutsa kunsi. Mkati yalani labala kapena pulayiwudi, osati kapeti kapena chiguduli, zimene zimasunga chinyezi.

Limangeni ndi mabawuti anayi a M10 a giredi 8.8 odutsa pansi pa bokosi, pathabwa ndi pachitsulo cha bodi, ndi zitsulo za 60 ndi 60 zokhuthala mamilimita 4 kunsi. Bokosi lomangidwa pathabwa pokha limazuka pa ngozi, ndipo kutsogolo kwake kuli mitu ya anthu. Manati akhale mkati mwa bokosi kuti wakunja asamasule, ndipo mutu wa bawuti uwotchereredwe ku kachitsulo ka kunsiko. Pakati pa bokosi ndi khoma lakutsogolo siyani mamilimita 20, ndipo yesani kutsegula chivundikiro mpaka kumapeto muone ngati sichikugunda galasi. Musalumikize bokosi kapena china chilichonse ku kebini ndi ku bodi nthawi imodzi. Ziwirizi zimagwedezeka mosiyana chasisi ikamapotoka m'maenje, ndipo chozilumikizacho chimang'amba chimodzi.

Mahinjesi akhale atatu, owotcherera, a pini yosasololoka. Loko abisidwe m'kachipinda kachitsulo ka mamilimita 3 kotseguka kunsi kokha, kuti chodulira mabawuti chisapeze poluma ndipo mvula isalowe pakiyi. Chivundikiro cha 1400 chimafuna zotsekera ziwiri, chimodzi chapakati chimasiya makona opinda. Ikaninso chochirikiza chivundikiro chikatseguka, kaya kandodo kachitsulo kaya mashoko a chitseko chakumbuyo cha galimoto yaing'ono. Mphepo ikachiwomba chimathyola zala.

Mkati gawani zipinda ndi pulayiwudi yotsala ija. Zolemera monga jeke, tcheni, hamala yaikulu ndi vaisi zikhale pansi, zothinana kuti zisamagubuduke. Pamwamba pakhale thireyi yosaya, ya mamilimita 80, yotsetsereka pa angle iron, ya masipanala, mapulayala ndi tepi. Dirilo ndi galayindala zikhale m'mabokosi awo, ndipo mabatire ake musawasiye m'bokosi lachitsulo padzuwa la mu Okutobala. Petulo, silinda ya gasi ndi mankhwala opopera mbewu zisalowemo. Petulo ndi gasi zimadzaza mpweya woyaka m'malo otsekeka, ndipo mankhwala akatayikira amapakika pa zida zimene mumagwira ndi manja. Zimenezi zimangidwe panja zili chiimire. Matirayango ndi chozimitsira moto zikhale pofikirika ngakhale bodi itadzaza.

Madirowa a pansi

Amisiri a zida zambiri zazing'ono amakonda madirowa aatali otulukira kuchitseko chakumbuyo, pamwamba pake pali thandala lonyamulirapo katundu. Ndi abwino pokhapokha bodi ili ndi kanope kapena tenti yosadontha, ndipo amadya makilogalamu 70 kapena kuposa. Felemu ikhale ya sikweya chubu ya 25, msinkhu wongopitirira madigadi pang'ono. Njanji za madirowa a m'nyumba zimafa msanga ndi fumbi la katondo. Gwiritsani ntchito mabering'i otsekedwa mbali zonse a 6201 kapena 6301, amene bowo lawo ndi mamilimita 12 ndipo amalowa bwino pa bawuti la M12. Funsani m'mashopu a zida za njinga zamoto. Aziyenda pa angle iron, pa mamilimita 300 alionse pakhale limodzi, ndipo kutsogolo kukhale ena pamwamba ogwira dirowa kuti isagwe mphuno ikatuluka. Zinthu ziwiri zisaiwalike: chotchinga kuti dirowa isasololoke yonse galimoto itaima pachitunda, ndi chokolera kuti isamamenye chitseko poyenda. Onaninso kuti kabowo kotsitsira tayala lapadera sikanatsekeke.

Pomangira katundu

Ikani mphete zisanu ndi imodzi, zitatu mbali iliyonse, pansi pafupi ndi makoma, chifukwa chingwe chokokera pansi ndicho chimagwira katundu. Iliyonse imangidwe ndi mabawuti a M10 ndi chitsulo kunsi monga tinachitira bokosi, makamaka pafupi ndi mpiringidzo. Malamba a ratchet amagwira kuposa zingwe zodula ku machubu, zimene zimatamuka pa bampu iliyonse.

Ngati mumanyamula makwerero, mapaipi kapena malata, felemu yake ikhale ya sikweya chubu ya 40 yokhuthala mamilimita 2, yomanga ndi mabawuti pamilomo ya bodi, ndi timipiringidzo topendeka m'makona. Ingopitirira denga la kebini ndi masentimita 10. Pamwambapo ndi pa zinthu zazitali zopepuka. Matabwa aawisi kapena zitsulo zambiri pamwamba zimapendeketsa galimoto pakona. Katundu wotulukira kumbuyo amangiriridwe kansalu kofiira, ndipo magetsi, nambala ndi zonyezimira zisabisike, chifukwa zimenezo amaziona popima galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Makona onse akuthwa apalidwe ndi felo, onyamula katundu amakwera m'menemo ndi mapazi opanda nsapato.

Mukamaliza zonse yezani mpweya wa matayala motsata kapepala ka pa felemu ya chitseko, pa mzere wa galimoto yonyamula. Usiku imikani galimoto moyang'ana khoma muone ngati magetsi akutsogolo sakuloza m'mwamba chifukwa cha kulemera kwatsopano. Pakatha sabata imodzi mangitsaninso manati onse, popeza thabwa ndi labala zimakhala zitaphwa pang'ono. Labala azichotsedwa ndi kutsuka pansi pake tsiku lomwelo mukanyamula feteleza, ndowe kapena simenti, ndipo usiku galimoto izigona mphuno ili kumtunda. Pulayiwudi kapena chequer plate imasulidwe kawiri pachaka, mu Meyi mvula itatha ndi mu Okutobala isanayambe. Sesani timigula, pisani waya m'timabowo ta madzi, palani ndi kupaka red oxide paliponse pamene penti wakhulika, ndipo bawuti lililonse lipakidwe girisi musanalibwezeretse.